Midzi ya Atonga yomwe inamira kuti Harare awale

Kumapeto kwa chaka cha 2022, kwathu kuno ku Mufakose mu Harare magetsi ankathima mbandakucha n'kudzabwera anthu atagona kale. Amayi ankadzuka pakati pa usiku kusita zovala za ana a sukulu ndi kuphikiratu nyemba, ife tikulimbirana soketi imodzi yotchajira mafoni. Masana tinkasonkha moto panja ngati kumudzi. M'kombi, pa Mbare Musika, ngakhale pa maliro, mawu anali amodzi: Kariba yaphwa. Mu Novembala chaka chimenecho bungwe la Zambezi River Authority, lomwe limayang'anira damu la magetsi la Kariba ndi nyanja yake m'malo mwa Zimbabwe ndi Zambia, linauza a magetsi a kuno kuti madzi amene anawagawira chaka chimenecho atha.

Tsiku lina madzulo tili pamoto, mwana wa achemwali anga anandifunsa kuti, "Amalume, nyanjayo ikadzaphweratu, pansi pake tidzaonapo chiyani?" Ine ndinangoti matope ndi zitsa. Agogo, amene anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu adakali mtsikana, anandidula pakamwa. "Iwe, usamunamize mwana. Pansi apo pali midzi. Agogo ako aamuna anaiona ndi maso awo isanamire."

Anthu a midzi imeneyo anali Atonga a m'chigwa cha Gwembe. Tisawasokoneze ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Dzina n'lofanana koma mtundu ndi chilankhulo n'zosiyana. Awa ankakhala tsidya lino ndi tsidya lija la Zambezi, mtsinje umene iwo amautcha Kasambabezi. Chigwacho n'chotentha, mvula yake ndi yosadalirika, ndipo munthu wachilendo akanati kulibe chabwino. Chuma chake chinali mtsinjewo. Chaka ndi chaka madzi ankasefukira n'kusiya nthaka yachonde m'mphepete, ndipo akamabwerera, anthu ankawatsatira pambuyo ndi khasu, kubzala chimanga, maungu, nyemba ndi fodya pachinyontho. Aliyense amene anakhalapo ndi dimba kumudzi akudziwa chimene ndikunena. Dzinja ankalima mapira ndi mchewere kumtunda, chilimwe ankakolola kudimba. Kukolola kawiri pachaka, m'dziko limene mvula imanama, ndiye kunali kusiyana kwa moyo ndi njala. Minda ya m'mphepete mwa mtsinjeyo sinkafuna kugonekedwa, ndipo inkapita kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana wa m'banjamo mibadwomibadwo.

Mtsinjewo sunali malire kwa iwo. Mnyamata ankakwatira tsidya, maliro akagwa ng'oma zinkamveka mbali zonse ziwiri, anthu n'kukwera mabwato kukalira m'bale wawo. Pamapepala a atsamunda panali Northern Rhodesia (lero Zambia) ndi Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), koma pamadzipo panali anthu amodzi.

Nanga damu linabwera bwanji? Mu 1953 Angerezi analumikiza maiko atatu kukhala Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija makolo athu anachikana mpaka kukhetsa mwazi. Migodi ya kopa ya ku Copperbelt inkafuna magetsi ochuluka, ndipo malasha ochokera ku Wankie, kumene lero timati Hwange, sankafika okwanira pa njanji. Mafakitale a ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ndi ku Bulawayo nawo ankakula. Panali mkangano: a kumpoto ankafuna damu pa mtsinje wa Kafue, m'dziko lawo, pomwe a kumwera ankafuna pa Kariba. Boma la Chitaganya, lomwe likulu lake linali konkuno ku Salisbury, linasankha Kariba mu 1955, ndipo nyumba yoyamba yopukusira magetsi inakumbidwa kutsidya la kumwera. Banki ya Dziko Lonse inabwereketsa madola 80 miliyoni mu 1956, ngongole yaikulu kuposa ina iliyonse imene bankiyo inali itaperekapo kufikira nthawi imeneyo. Makampani a kopa nawonso anabwereketsa zawo. Pa misonkhano yonseyi Mtonga sanafunsidwe ngati akuvomera. Anadzauzidwa zitatha.

Dziko la makolo athu linali chiwalo chachitatu cha Chitaganya, koma palibe waya wa ku Kariba umene unafika ku Nyasaland. Chimene Nyasaland inapereka ndi mikono. Amuna ambiri amene ananyamula simenti ndi kukumba ngalande pa Kariba anali ochokera kwathu, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito za ku Southern Rhodesia. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Sindinawapeze amoyo, koma agogo aakazi amati ankasimba za kutentha kwake, kuti chitsulo chosiyidwa padzuwa sunkachigwira ndi dzanja, ndipo zida zina ankazisunga m'ndowa ya madzi. N'chifukwa chake nkhaniyi sindingaikambe ngati ya anthu ena. Manja a kwathu ali m'khomalo.

Dzina loti Kariba amati linachokera ku kariva, kutanthauza kamsampha. Mchewa amva msanga, chifukwa riva la Chishona ndi lija ife timati diwa, mwala wotchera mbewa. Pamalopo mtsinje unkapanikizika pakati pa mapiri, ndipo panali thanthwe limene mabwato ankaliopa. Khomalo analikonza papepala ndi katswiri wa ku France, André Coyne, ndipo inamanga ndi kampani ya ku Italy ya Impresit. Ndi lokhota ngati uta, lotalika mamita 128 kupita m'mwamba ndi mamita 579 kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo. Mu 1957 mtsinje unasefukira koopsa, ndipo mu 1958 unasefukira kuposa pamenepo, n'kugumula khoma loyembekezera lomwe linkatchinga madzi kuti anthu azigwira ntchito pouma, n'kukokolola mlatho. Atonga sanadabwe. Anati ndi Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, amene sakufuna kutsekeredwa njira. Antchito 86 anafa pa ntchitoyo, akuda ndi Ataliyana, ndipo tchalitchi cha St Barbara chomwe chili paphiri m'tauni ya Kariba chimawakumbukira. Mu Febuluwale 1959, pambuyo pa ngozi ina imene inapha anthu, antchito akuda ananyanyala ntchito. Patangopita masiku ochepa, pa 3 Malichi, ku Nyasaland kunalengezedwa lamulo la chipwirikiti ndipo Dr Banda anamangidwa n'kutumizidwa ku ndende ya Gwelo. Ziwirizi zinachitika m'masabata ochepa, m'dziko limodzi lowira.

Tsopano tibwere kwa eni chigwa. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, cha m'ma 34,000 kutsidya la kumpoto ndi cha m'ma 23,000 kutsidya lathu lino. Ambiri poyamba sanakhulupirire, ndipo ine sindiwaona kupusa. Tayerekezani kuti mwakhala pamalo kuyambira makolo a makolo anu, mukudziwa pomwe madzi amalekeza ngakhale chaka cha chigumula, ndiye kubwere mzungu ndi womasulira wake kudzakuuzani kuti khoma lomwe likumangidwa ulendo wa masiku angapo kumunsi lidzakweza madzi kupitirira nsonga ya mlambe wa pabwalo panu. Ambiri anaganiza kuti ndi bodza la azungu lofuna kulanda nthaka yabwino, ndipo m'dziko limene malo anali atalandidwa kale kambirimbiri, ganizo limenelo linali ndi mutu.

Kutsidya la kumpoto, anthu pafupifupi 6,000 a Mfumu Chipepo anauzidwa kuti apite ku Lusitu, kumunsi kwa damu, kutali ndi kwawo, pakati pa anthu ena. Amuna a m'mudzi wa Chisamu anakana. Mu Sepitembala 1958 bwanamkubwa wa Northern Rhodesia, Sir Arthur Benson, anapita yekha ndi apolisi. Eni mudzi anali ndi mikondo, nkhwangwa ndi zibonga. Apolisi anali ndi mfuti. Anthu 8 anaphedwa ndipo oposa 30 anavulala. Zitatero otsalawo anakwera malole. Ku Lusitu, m'miyezi yotsatira, matenda a kamwazi ndi ena anatenga anthu ambiri, makamaka ana ndi amayi.

Kutsidya lathu lino sikunamveke mfuti zotere, koma si kuti zinali bwino. Malole a boma anatutira anthu kumtunda, m'madera amene lero ndi maboma a Binga ndi Nyaminyami: nthaka ya miyala ndi mchenga, mvula yochepa, kashembe woluma anthu ndi ziweto, njovu zodya m'minda. Kumpoto kunaperekedwa kandalama ka chipukuta misozi. Kumwera anthu anapatsidwa makamaka chakudya cha kanthawi ndi kupumitsidwa msonkho pang'ono. Akuluakulu a ku Binga amanenabe mpaka lero kuti anauzidwa kuti madzi adzawatsatira kumene akupitako. Zimene anapeza ndi zitsime zochepa, zina za madzi amchere, zina zouma chilimwe chikafika. Anthu amene anabadwira m'mphepete mwa umodzi wa mitsinje ikuluikulu ya mu Africa anayamba kuyenda mitunda ndi mtsuko pamutu.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene nkhani za madamu zimasokonekera nthawi zonse. Boma likafuna kusamutsa mudzi limatumiza kalaliki ndi buku. Amawerenga nyumba, nkhokwe, mwina ndi mitengo ya zipatso. Nyumba ya Mtonga inali ya mitengo, dothi ndi udzu, ndipo papepala mtengo wake unali wochepa kwambiri. Koma nyumba ndi chinthu chimene munthu amamanganso mwezi umodzi. Chimene sichinalowe m'bukumo ndi dimba lija lokolola kawiri, lomwe kumtunda kunalibe lofanana nalo. Sikunalembedwe kuti mlongo wako ali tsidya ndipo simudzaonananso. Sanawerenge manda.

Ife Achewa a kuno tiyenera kumva bwino za manda kuposa wina aliyense. Makolo athu anafika ku Salisbury opanda munda, opanda mfumu, ndipo chinthu choyamba chimene anakhazikitsa ndi mabungwe a maliro, kuti munthu asaikidwe ngati galu m'dziko la eni. Timadziwa kuti kumanda si kotayira mitembo. Ndi mudzi wa akuluakulu, ndi kumene gule amachokera. Atonga nawo ali ndi mizimu ya makolo imene amaithirira mowa, ndiponso malo opatulika otchedwa malende kumene ankapempha mvula. Malo otere sasenzeka. Ndi mtengo wakutiwakuti, chitsime chakutichakuti, phiri limene kholo linagonapo. Anthu anakwera malole n'kusiya amayi awo m'nthaka, akudziwa kuti pamwamba pawo padzadutsa nsomba. Ena kumalo atsopanoko ankaopa kuti mizimu yatsala, ndipo mwana akadwala ankati n'chifukwa chakuti tawasiya okha akuluakulu.

Pali china chimene chimandikhudza chifukwa Atonga, monga ife, amatsata mtundu kuchikazi. Akatswiri awiri a ku America, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anafika m'chigwamo mu 1956 madzi asanabwere, ndipo anapitiriza kuyendera mabanja omwewo kwa zaka makumimakumi. Colson analemba buku lotchedwa The Social Consequences of Resettlement, lomwe linatuluka mu 1971. Mwa zimene anaona n'zakuti kumtsinje akazi ankakhala ndi minda yawoyawo yolowa kuchokera kwa makolo, koma kumalo atsopano munda unkayesedwa wa mwamuna amene wagwetsa mitengo, ndipo boma linkalankhula ndi mwamuna monga mutu wa banja. Mayi amene kale akanatha kunena kuti "dimba ili ndi la kwathu" anasanduka wolima m'munda wa mwamuna wake. Madzi anamiza ndi mphamvu ya mbumba yomwe.

Khomalo linatsekedwa mu Disembala 1958 ndipo madzi anayamba kukwera. Madera ena anali atalambulidwa kale kuti maukonde asadzakodwe: makatapila ankakoka unyolo wochindikala womangiriridwa ku mipira ikuluikulu yachitsulo, n'kumagwetsa nkhalango ngati akusenga udzu. Kumene sanalambule, mitengo ya tsanya inafera chiimire, ndipo ndi ija mumaiona pa zithunzi za Kariba, nthambi zouma zitatuluka m'madzi dzuwa likulowa. Nyama zinatsekerezedwa pa zisumbu zimene zinkachepa tsiku ndi tsiku. Gulu lotsogozedwa ndi Rupert Fothergill linayamba ntchito yozipulumutsa, yotchedwa Operation Noah, ndipo pofika 1964 linali litaolotsa nyama pafupifupi 6,000, kuphatikizapo zipembere. Zingwe zitayamba kucheka nyama miyendo, akazi a kutali anatumiza masokosi awo a nayiloni kuti apote zingwe zofewa. Ntchito imeneyo inali yabwino, ndipo amene anaigwira, ambiri a iwo akuda opalasa mabwato, anaika moyo wawo pachiswe. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lonse linamva za agwape ndi anjiri, zithunzi zawo zinazungulira m'manyuzipepala a ku Ulaya, pomwe za ana a ku Lusitu zinamveka ndi ochepa. Nyama zambiri anakazisiya ku Matusadona, kumene lero ndi malo otetezedwa, ndipo Mtonga akakatcherako msampha amamangidwa.

Mayi wa Mfumukazi Elizabeth II anatsegulira damulo mu Meyi 1960, ndipo nyanja inadzaza mu 1963, chaka chomwecho chimene Chitaganya chinatha. Ndi yotalika makilomita oposa 220, malo ena m'lifupi mwake kufika makilomita 40, ndipo palibe nyanja ina yopangidwa ndi anthu padziko lapansi imene imasunga madzi ochuluka kuposa iyi. Kulemera kwa madziwo kunayambitsa zivomerezi m'deralo, zomwe Atonga amati ndi Nyaminyami akufuna mkazi wake amene khoma linamulekanitsa naye.

Funso la mwana wa achemwali anga lija lili ndi yankho, ndipo ndi lowawa. Tikamati Kariba yaphwa sititanthauza kuti pansi paoneka. Nyanjayo ikadzaza, madzi amafika pa mamita 488.5 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo makina opukusa magetsi amasiya kulandira madzi bwino akatsika kufika pa 475.5. Ndiye kuti magetsi onse a ku Kariba amachokera m'mamita 13 apamwamba okha. Pansi pake pamatsala madzi akuya, malo ena kupitirira mamita 80. Midzi yambiri inali m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wakale, kumene ndi kozama kwambiri. Choncho ngakhale chaka cha chilala choopsa monga 2019 kapena 2024, ife tikukhala mumdima maola 18, midzi ija siionekera. Ndipo ikanati ionekere, sipakanapezeka khoma kapena msewu. Dothi linasungunuka, udzu unawola. Mwina mphero zamwala, mafuwa, ndi mikanda ya m'manda.

Kenaka anatsekedwanso ndi malire. Zambia italandira ufulu mu 1964, ndipo Ian Smith atadzilengezera ufulu wake mu 1965, nyanja inasanduka mpanda pakati pa maiko awiri odana. Mu 1973 malire anatsekedwa, nkhondo inafika m'chigwamo, ndipo bwato loolokera tsidya linkayesedwa la adani. Abale amene kale ankaitanizana ndi mfuu pamtsinje anakalamba n'kufa osaonananso.

Nyanjayo inabala chuma, zimenezo sitingakane. Cha m'ma 1967 anabweretsamo kapenta kuchokera ku nyanja ya Tanganyika, tinsomba tija kuno timati matemba, tofanana ndi usipa wa kwathu. Amatigwira usiku ndi nyali zowala zolendewera pamwamba pa ukonde. Ndi ndiwo ya aliyense wa ife. Pa Mbare amayeza ndi kapu, ndipo mwezi ukafika pakati ndi matemba amene amasunga mabanja. Koma kupha kapenta kumafuna chilolezo ndi chombo cha injini, ndipo kwa zaka zambiri zimenezi zinali m'manja mwa makampani a anthu ochokera kwina, Mtonga n'kumalembedwa ganyu pamadzi amene ali pamwamba pa munda wa agogo ake. Mahotela ndi mabwato a alendo anabwera. Nyumba yopukusira magetsi ya kumwera, imene inayamba ndi mamegawati 666, inakulitsidwa mpaka 1,050 mu 2018, ndipo ya kutsidya la Zambia imafika 1,080. Mawaya ake amadutsa mitunda pafupifupi makilomita 300 kudzafika kuno ku Harare. Midzi yambiri ya anthu amene anasamutsidwa ikuunikirabe ndi nkhuni, koloboyi kapena kasola kakang'ono. Ife timadandaula magetsi akathima maola 18. Kuli anthu amene sanawathimirepo chifukwa sanawayakirepo.

Atonga sanangokhala chete. Anakhazikitsa bungwe la Basilwizi, dzina lotanthauza anthu a kumtsinje waukulu, lomenyera ufulu wa anthu a m'chigwa cha Zambezi. Ku Binga kuli nyumba yosungiramo mbiri ndi zipangizo za Atonga. Ng'oma zawo za buntibe, zoimbidwa pamodzi ndi malipenga a nyanga otchedwa nyele, aliyense kuliza liwu lake limodzi, zikumvekabe pa maliro. Anamenyeranso chilankhulo chawo kuti chiphunzitsidwe m'sukulu, ndipo malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pamndandanda womwewo pali Chichewa. Ife ndi iwo tinalowa pakhomo limodzi tsiku limodzi, tonse titakhala zaka zambiri tikutchedwa maina onyoza m'dziko limene tinalikhetsera thukuta.

Koma pali kusiyana kumene sindifuna kukubisa. Ife matchona, ngakhale tichedwe bwanji, timanena kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndikapeza ndalama ndikhoza kukwera basi, kudutsa pa Nyamapanda ndi ku Tete, mawa lake n'kukhala ndili ku Ntcheu, wina n'kundilozera kuti apa ndi pamene panali nyumba ya agogo ako, uko ndi kumene anagona amayi awo. Mdzukulu wa ku Gwembe alibe basi yotere.

Ndipo zimenezi sizinathere kwa atsamunda. Mu Febuluwale 2014 madzi anadzaza mwadzidzidzi kumbuyo kwa damu la Tokwe-Mukosi ku Masvingo lisanathe kumangidwa, ndipo mabanja zikwi anatutidwa n'kukasiyidwa m'matenti ku Chingwizi, ku Mwenezi, ziweto zambiri zitatayika. Omanga damulo anali a Salini Impregilo, kampani imene muzu wake wina ndi Impresit yomwe ija ya ku Kariba. Lero anthu a ku Lubimbi, m'boma la Binga lomwelo, auzidwa kuti adzasamuka chifukwa cha damu la Gwayi-Shangani lopititsa madzi ku Bulawayo. Sindikunena kuti madamu asamangidwe. Madzi ochepa amene amatuluka pampopi pathu amachokera ku Chivero, ndipo nalonso ndi damu. Ndikunena kuti wosamutsidwayo ndiye ayenera kuyamba kumwa madziwo ndi kuyatsa getsilo, munda wake watsopano ndi manda a makolo ake zitakonzedwa khoma lisanatsekedwe.

Kuntchito kwathu kuli bambo wina wa ku Binga amene amalondera usiku. Nditamufotokozera za funso la mwana uja, anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Achimwene, ine ndinafikapo pamudzi pathu." Anati ali mnyamata, bambo ake anamutenga pabwato m'mawa kwambiri nyanja ili bata. Anapalasa nthawi yaitali, mkuluyo akuyang'ana phiri lina kutsidya la Zambia ndi lina kumbuyo kwawo, kuwongola bwato mpaka mapiri awiriwo analunjikana. Pamenepo anaika nkhafi pansi. Anatulutsa kabotolo ka mowa wamasese, n'kuthira m'madzi pang'onopang'ono, akutchula maina a amayi ake, amalume ake ndi ana awiri amene anamwalira ali aang'ono. Mnyamatayo anasuzumira m'madzi ndipo anangoona nkhope yake. Atatha, bambo ake anamuuza kuti ayang'anitsitse mapiri aja, awasunge m'mutu, chifukwa tsiku lina adzabwera yekha.